Chomera cha pa Khonde la Joakina

Kunali munthu wina mu mzinda wa Lilongwe, wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu. Analibe sitolo, analibe chikwangwani. Anali ndi mthunzi wa mtengo wa keshya, kheni yothirira, ndi mizere ya machubu akuda. Mbande ankafesera ku dimba lake kumtsinje, zikakula n'kuzikankha pa wilibala kupita nazo kumsewu. Anthu a magalimoto ankaima, n'kuloza ndi chala, iye n'kunyamula. Anali ndi dzanja labwino. Chimene wabzala chinkagwira.

Koma panali chomera chimodzi chimene sichinkapita kumsewu. Chinkakhala pa khonde la nyumba yake, m'zitini zakale za penti. Sichinali chokongola ayi. Masamba ake anali onenepa, otuwa, omera awiriawiri moyang'anana, m'mphepete muli timano tosathwa. Ukathyola tsamba munkatuluka madzi oyera. Munthu wodutsa sakanachiyang'ana kawiri. Mwini wake wa chomeracho anali mkazi wa munthuyo, dzina lake Joakina.

Tsono mumve mmene Joakina anachipezera.

Joakina sanabadwire kuno. Anabwera ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Tsiku lothawa anali ndi chilonda pa kakolo. Amayi ake anali atathyola masamba a chomera china cha pa thanthwe. Ena anawawamba pamoto n'kumangira pa chilondapo, ena aawisi anawamanga pa ngodya ya kansalu kuti akhale a mawa. Asanamalize kumanga, mfuti zinalira. Mudzi unabalalika. Mwana anathamangira kumene anthu ankathamangira, ndipo potembenuka sanaonenso amayi ake. Anayenda ndi gulu ili, kenako gulu lina, mpaka mayi wina wosamudziwa anamutola panjira, n'kumubereka kuwoloka naye malire.

Ku msasa wa othawa nkhondo, mayiyo pomasula kansalu kaja anapeza tsamba limodzi litatulutsa timizu toyera. Analiika m'kachitini ka dothi, n'kuuza mwanayo kuti, "Sunga ichi. Ndi chokhachi chimene wabwera nacho."

Mwana anasunga. Anakula nacho. Nkhondo itatha, malole anabwera kudzatenga anthu kubwerera kwawo. Aliyense ankatchula mudzi wake, n'kukwera. Joakina analibe dzina loti atchule. Ankakumbukira thanthwe lalikulu kuseri kwa nyumba, lofunda masana. Ankakumbukira mlongo wake wamkulu, Zuze, amene ankamubereka pokwera thanthwelo. Koma dzina la mudzi linali litagwera panjira. Malole anapita, iye anatsala pamodzi ndi mayi anamutola uja. Mayiyo atamwalira, anatsala yekha ndi kachitini kake.

Pamene wogulitsa maluwa uja anamukwatira, ankhoswe a kuchikazi anali akulu a mpingo. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi, ndipo Joakina anamutcha Tisaiwale.

Abale anga, chisamaliro chimene mkazi ameneyu ankapereka kwa chomeracho chinali cha mwana wakhanda. Anachiika mkati mwa khonde kuti dzuwa lisachiotche. Ankachithirira m'mawa uliwonse. Pamwamba pake panali babu la magetsi, ndipo babulo silinkazimitsidwa kufikira kucha, kuopa akuba. Tsinde likangotalika, ankalidula msanga n'kukabzala m'chitini china, kuti china chikafa china chitsale. Zaka zonsezo sichinachite duwa ngakhale limodzi. Iye ndi mwamuna wake ankangoti ndi mtundu wake, pali zomera zina zosachita maluwa.

Nyengo ya chisanu ikafika, Joakina ankakonda kukhala pamkeka pafupi ndi zitinizo, manja ali pamiyendo. Tsiku lina mwamuna wake anamufunsa kuti, "Amake Tisaiwale, mtima wapita kuti?"

Iye anati, "Ndikungofuna nditadziwa mbali imene dzuwa linkatulukira kwathu."

Mwamunayo anasendera pafupi. Anangokhala naye pansi mpaka chisisira.

Kenako Joakina anadwala. Sanadwale nthawi yaitali. Anamuika m'manda a mumzinda, pakati pa anthu osamudziwa, ndipo pa maliro ake panalibe mmodzi yemwe wa magazi ake, kupatula mwana wake.

Munthu uja anatsala ndi zitini zisanu. Chisoni chake chinapita m'kheni. Ankathirira m'mawa, ankathirira madzulo, nthawi zina masana akabwera kudzadya. Munthu wodziwa ntchito ya zomera, koma apa nzeru zinamuchokera. Mizu inayamba kuola. Chitini choyamba chinafa, chachiwiri, chachitatu, chachinayi. Anathyola masamba awiri kuti ayese kubzala ena, nawonso anaola. Panatsala chitini chimodzi, chokhala ndi tsinde limodzi lowonda. Kuyambira pamenepo mantha anamugwira. Akadzuka, asanasambe m'maso, ankayamba wakachiona.

Patapita zaka ziwiri, kunabwera mnyamata wofuna kumanga banja ndi Tisaiwale. Anali mnyamata waulemu, wa ntchito ya ukalipentala. Amalume ake a mnyamatayo anafika pakhomo, anakhala pansi, n'kufunsa monga mwa mwambo kuti, "Taonamo nkhuku m'khola muno. Tikagogode khomo la ndani?"

Inu mukudziwa, kwathu kuno bambo sayankha funso limenelo. Amayankha ndi malume, mwini mbumba. Munthu uja anaweramitsa mutu, n'kupempha alendowo kuti ayambe adikira.

Alendo atapita anauza mwana wake kuti, "Usadandaule, mwana wanga. Akulu a mpingo adzaimira, monga anachitira ndi amayi ako."

Tisaiwale anati, "Ndikudziwa, Ababa, ndipo ndikuwathokoza. Koma kodi nanenso ana anga akadzandifunsa kwathu, ndidzawalozera chitini?"

Mawu amenewo anamulasa bamboyo. Sanamudzudzule mwanayo, chifukwa anamva mawu a Joakina m'kamwa mwake.

Masiku omwewo, pamsewu paja panaima mayi wina kudzagula mbande za mitengo. Mayiyo ankatchula chomera chilichonse ndi dzina lake, ngakhale zimene wogulitsayo ankangoti maluwa ofiira, maluwa achikasu. Pocheza, zinadziwika kuti anali Mayi Sambakunsi, katswiri wa zomera, wogwira ntchito m'nyumba ina mmene amasungiramo zomera zoumitsa. Anati m'menemo muli makabati odzaza mapepala, pa pepala lililonse pali chomera chomatidwa, ndipo pansi pake palembedwa dzina lake, tsiku limene anachitola, ndi malo amene chinamera.

Wogulitsa maluwa atamva zakuti malo amene chinamera, anakumbukira chitini cha pa khonde chija. Anapempha mayiyo kuti adzadutsenso mawa lake. Mawa lakelo anakulunga chitini chija m'chitenje cha malemu mkazi wake, n'kuchinyamula pachifuwa. Kanali koyamba kuti chomeracho chichoke pa khonde.

Mayi Sambakunsi anachiyang'ana nthawi yaitali. Anakanda tsinde ndi chikhadabo, anatembenuza tsamba, ananunkhiza. Kenako anafotokoza mosavuta, monga mphunzitsi wabwino. Anati masamba onenepa amanyenga. Alovera ali ndi masamba osunga madzi, nkhadze nayo imasunga madzi m'nthambi zake, koma si pachibale. Zinangofanana chifukwa zonse zimakhala pouma, monga anthu a mitundu yosiyana amavala mofanana akagwira ntchito imodzi. Anati chomera ichi n'cha banja lina lalikulu la zomera zokonda matanthwe, zomera m'ming'alu mmene dothi silidzaza ndi chikhatho chomwe. M'banja limenelo muli mafuko angapo, ndipo fuko lililonse lili ndi ana ambirimbiri. Ena amamera paliponse. Ena amapezeka pa mapiri owerengeka okha.

Munthu uja anafunsa kuti, "Nanga ichi n'cha phiri liti, mayi?"

Mayiyo anapukusa mutu. "Popanda duwa sindinganene, bambo. Tsamba limasintha ndi malo amene mwaliika. Duwa ndilo silinama."

Iye anati, "Chimenechi sichichita maluwa. Malemu mkazi wanga anakhala nacho zaka zoposa makumi atatu."

Apo mayiyo anafunsa kumene chimakhala. Atamva za mthunzi, za madzi a tsiku ndi tsiku, za kudula tsinde, ndi za babu losazima, anaseka pang'ono, koma kuseka kwachisoni. Anati zambiri za m'banja limeneli zimadziwa nyengo yochita maluwa powerenga kutalika kwa mdima. Chisanu chikafika, dzuwa likamalowa msanga, mvula italeka, pamenepo m'pamene zimatulutsa duwa. Tsono chomera chogona pansi pa babu sichidziwa kuti chisanu chafika. Kwa icho chaka chonse ndi tsiku limodzi.

Anati, "Chichotseni pa khonde. Kachiikeni pa thanthwe, padzuwa, kutali ndi magetsi. Musachithirire. Musachidule."

Iye anafunsa kuti, "Nanga chikafa?"

Mayiyo sanamunamize. Anati, "Chafooka kale. Chikhoza kufa."

Abale ndi alongo, taimani pamenepa muone pamene munthuyu anaima. Akachisunga pa khonde, chikhala ndi moyo, mwina zaka zina zambiri. Adzachiona m'mawa uliwonse, adzachikhudza, adzakumbukira mkazi wake. Koma sichidzanena kwawo. Akachipereka ku thanthwe, mwina chidzalankhula, mwinanso chidzafa chisanalankhule, iye n'kutsala ndi chitini cha dothi lokhalokha. Panalibenso china chosungira pambali. Chinali chimodzi chokhacho.

Anabwerera nacho kunyumba, n'kuchibwezera pansi pa babu paja. Sabata inatha. Yachiwiri inatha. Mwezi wa Meyi unalowa, mphepo ya mwera inayamba kuomba. Bamboyo ankaona mmene Tisaiwale ankaimira pa khonde potuluka, kuyang'ana chitinicho, n'kupitirira. Akuchimuna anatumiza uthenga kawiri, kufunsa ngati mwini mbumba wapezeka.

M'mawa wina munthuyo anagwada pa khondepo n'kupemphera pemphero lalifupi. Anati, "Ambuye, tachisunga ndi manja athu zaka zonsezi, ndipo sichinatiuze kanthu. Lero ndikuchiika m'manja mwanu."

Kumtunda kwa dimba lake kunali thanthwe lotambalala, kopanda nyumba, kopanda waya wa magetsi. Anachotsa chomeracho m'chitini, anakutumula dothi lonyowa lija, n'kuchilowetsa mumng'alu wa mwala pamodzi ndi timiyala ndi mchenga pang'ono. Anadula minga ya mthethe n'kutchingira mozungulira. Atatha anatsika osacheuka, chifukwa ankadziwa kuti akacheuka achitenganso.

Masiku amene anatsatira anali owawa. Dzuwa linachiotcha masana, chisanu chinachiluma m'mawa. Masamba otuwa aja anayamba kufiira m'mphepete. Kenako anachita makwinya ngati khungu la nkhalamba. Awiri a m'munsi anauma n'kugwa. Munthu uja ankathirira mbande zake kudimba, ndipo kangapo miyendo inamutengera ku thanthwe kheni ili yodzaza. Ankaima pamenepo, madzi akudontha pa zala za kumapazi. Kenako ankatembenuka n'kukathira madziwo pa mbande za malalanje.

Mnzake wolima naye pafupi anamuona, n'kufunsa kuti, "Achimwene, chinakulakwirani chiyani chomerachi? Ngati simukuchifuna, ndipatseni ine."

Iye anati, "Ndikuchifuna kuposa zonse zili m'dimba muno." Mnzakeyo sanamvetse, anangopita akupukusa mutu.

Pa khonde panatsala chizindikiro chozungulira pamene chitini chinkakhala. Nyumba inakhala ngati maliro achitikanso kachiwiri. Munthu uja akabwera madzulo ankasowa poyang'ana.

Mu Juni, mbuzi inabowola minga ija n'kudya tsamba limodzi ndi theka la linzake. Atafika n'kuona zimenezo, mtima wake unatha. Anati basi, zakwana. Anagwada n'kuyamba kufukula timiyala tija ndi zala kuti achizule abwerere nacho kunyumba. Koma chomeracho chinakana kutuluka. Mizu yake, imene m'chitini inali yofewa ndi yoola, inali italowa mumng'alu n'kugwira mwala zolimba. Kuti achichotse anayenera kuchidula. Anabwezera timiyala tija, anawonjezera minga, n'kukhala pa thanthwepo nthawi yaitali.

Chakumayambiriro kwa Julayi, pansonga pa tsinde panatuluka chinthu chimene sanachionepo. Sichinali tsamba. Kanali kaphesi kowonda, kolunjika kumwamba. Dzanja lake linafuna kukadula, monga Joakina ankachitira, koma anadzigwira. Kaphesiko kanatalika tsiku ndi tsiku, kanachita nthambi kumapeto, nthambizo zinatupa timatumba. Pamene kaphesi kankakula, masamba ankapitirira kufota. Chomera chinkatsanulira madzi ake onse m'mwamba.

Tsiku lina mu Ogasiti, dzuwa litangokwera, anafika n'kupeza maluwa atatseguka. Anali ang'onoang'ono, ofiira ngati makala a moto, m'kati muli chikasu. Munthu wamkulu, wa imvi kumutu, anathamanga kuchokera kudimba mpaka kunyumba, akuitana mwana wake ali patali. Tisaiwale atafika anagwada pamwalapo, n'kunena kuti, "Amayi sanaone zimenezi." Onse awiri analira.

Anatengako maluwa pang'ono ndi tsamba limodzi, n'kukwera basi kupita kumene Mayi Sambakunsi ankagwira ntchito. Mayiyo anaika duwa limodzi pansi pa kagalasi kokuzira zinthu, n'kuling'amba ndi kasingano. Anawaonetsa kuti nawonso aone. Duwalo linali ngati kabotolo, kukamwa kwake kuli timasamba tinayi tolumikizana m'munsi. M'kati munali timitu ta mungu tisanu ndi titatu, ndi timatumba ta mbewu tinayi. Anati tikanakhala timasamba tisanu totayana, likanakhala fuko lina la banja lomwelo. Koma izi zinayi zolumikizana n'za fuko limene akatswiri amalitcha Kalankowe. Kenako anayeza kutalika kwa kabotoloko, anayang'ana ubweya wa pa kaphesi, n'kutsegula kabati ya fuko limenelo.

Anatulutsa mapepala ambiri. Ili ayi. Ili lafanana koma duwa n'lalifupi. Ili masamba ake ndi ena. Dzuwa linapendeka ali pa ntchito imeneyo. Pomaliza patebulo panatsala mapepala atatu okha, akalekale, zomera zake zitachita bii. Awiri anatoledwa pa mapiri a m'malire, mbali yakuno. Lachitatu linatoledwa kutsidya, ndipo wolemba analemba kuti: pa thanthwe, kuseri kwa mudzi.

Mayiyo anawachenjeza kuti, "Sindikulonjeza, bambo. Chikhoza kupezekanso kwina kumene anzathu sanafikeko. Koma mukafuna poyambira, yambirani apa."

Bambo ndi mwana wake ananyamuka. Pa phiri loyamba anachipezadi chomeracho, koma kunalibe mudzi pafupi, kunali nkhalango yokha. Pa phiri lachiwiri kunali midzi, ndipo anafunsa khomo ndi khomo za munthu wotchedwa Zuze amene anataya mlongo wake pa nkhondo. Anthu anawalandira bwino, anawapatsa madzi, koma palibe ankamudziwa. Tisaiwale mapazi anatupa. Bamboyo anati mwina abwerere, koma mwanayo anati, "Tatsala ndi limodzi, Ababa."

Anawoloka malire, anakwera kabaza, kenako anayenda pansi. Dzuwa lili paliwombo anafika pa mudzi wina waung'ono, ndipo asanalankhule ndi munthu aliyense anaima chilili. Kuseri kwa nyumba kunali thanthwe lalikulu, ndipo mng'alu uliwonse wa thanthwelo unali wofiira ndi maluwa. Sanali khumi, sanali zana. Chimene iwo anachisunga m'chitini ngati golide, kuno chinali chongomera chokha, ana akuchiponda posewera.

Anafunsa mayi wina amene ankapeta mapira pabwalo. Mayiyo analoza nyumba ya kumapeto. Kumeneko anapeza bambo wina wamtali, akusema mpini. Anapereka moni, anapatsidwa mpando. Wogulitsa maluwa anayamba kufotokoza, koma bamboyo sankamumvera. Maso ake anali pa Tisaiwale. Kasemasema anamugwa m'manja.

Anafunsa kuti, "Mwana iwe, amayi ako ndani?"

Iye anati, "Joakina."

Bamboyo anaika manja kumutu n'kulira mokweza, mpaka mudzi wonse unasonkhana. Anali Zuze.

Atatonthola anafotokoza. Anati tsiku lothawa lija iye ndi amayi awo anathawira kuphiri, ndipo nkhondo itatha anabwerera pamalo pomwepo. Achibale ananena kangapo kuti achite mwambo wa maliro a Joakina, mzimu wake ugone. Amayiwo ankakana. Ankati sanaone mtembo, sangalire munthu wamoyo. Aliyense wochokera kutsidya, wogula mbatata, wogulitsa nsalu, ankamufunsa ngati anaonako mkazi wa chipsera pa kakolo. Anakana kusamuka pamene ena ankasamukira kufupi ndi msewu, ati mwana akadzabwera asadzasochere.

Tisaiwale anafunsa kuti, "Agogowo ali kuti?"

Zuze anati, "Tinawaika zaka zitatu zapitazo."

Wogulitsa maluwa anawerengera zaka mumtima mwake. Mayi ndi mwana anakhala ndi moyo nthawi imodzi zaka zoposa makumi atatu, wina kuno wina uko, pakati pawo pali ulendo wa tsiku limodzi. Wina ankayang'ana kunjira, wina ankayang'ana m'chitini. Ndipo njira yonseyo inali pa khonde, yathanzi, yothiriridwa bwino, yosatha kulankhula.

Anapempha kuti akwere yekha pa thanthwe lija. Linali lofunda. Anakhala pamenepo pakati pa maluwa ofiira, akuona nyumba za mudziwo m'munsi, minda, ndi manda pansi pa mitengo. Ananena mawu ochepa okha. Anati, "Amake Tisaiwale, ndafika kwanu. Ndachedwa, koma mwana wanu ndamufikitsa."

Mwezi wotsatira Zuze anabwera mumzinda atavala jekete yobwereka, pamodzi ndi azakhali awiri ndi nkhuku m'dengu. Akuchimuna anagogoda, ndipo khomo linatseguka. Pa chinkhoswe anaima malume weniweni, n'kutchula mfunda wa mwanayo pamaso pa anthu onse. Tisaiwale anaumva koyamba tsiku limenelo.

Chomera cha pa thanthwe la kudimba chija sichinaone dzinja. Chitatha maluwa chinauma, chifukwa chinali chitapereka zonse. Mnzake wa kudimba anamupepesa, koma munthu uja anati, "Musapepese, achimwene. Chafa chitanena."

Tsono, abale ndi alongo, fanizoli likunena za inu ndi ine.

Palibe mmodzi wa ife wobadwira kwawo kwenikweni. Tonse ndife alendo pansi pano, ndipo aliyense anabwera atamangiridwa kanthu kochokera kwa Atate. Kanthu kameneko ndi kupukwa kumene mumakumva mumtima. Mumakumva ngakhale m'nkhokwe muli chimanga, ngakhale ana ali bwino, ngakhale nyumba mwafolera malata. Mumakhala pansi zonse zili m'malo mwake, koma mtima n'kumati si pano. Musachite nako manyazi. Sikudwala kumeneko. Mulungu anakuika dala, kuti kudzakulozereni njira yobwerera kwa Iye.

Koma taonani zimene timachita. Timaopa kuti kutiwawa, ndiye timakuika pamthunzi. Timakuthirira ndi zosangalatsa, ndi phokoso, ndi kutanganidwa. Timayatsa nyali zathuzathu kuti tisakhale ndi mphindi imodzi ya mdima ndi chete pamaso pa Mulungu. Kukafuna kutalika, timakudula msanga. Ndipo timakhala zaka, tili m'tchalitchi momwe muno, chikhulupiriro chili chobiriwira bwino, koma sichinachitepo duwa, sichinatiuzepo kuti ndife a ndani.

Alipo wina pano amene Mulungu wamuika pa thanthwe chaka chino. Pemphero lauma. Amene unkamudalira wapita. Ukudziona ukufota, ndipo ukuti Mulungu wandikwiyira. Ayi, mbale wanga. Iye waima pafupi, madzi ali nawo, ndipo mtima wake ukumva kuwawa kuposa wako. Sakukumana chifukwa chodana nawe. Akudikira chimene sichingatuluke pamthunzi. Usadzizule. Khala pomwepo kufikira nyengo yake.

Aliponso wina amene adakali pa khonde, wagwira zolimba chimene Mulungu akuti pereka. Ukuti ndidzapereka chaka chamawa, ana akakula, zinthu zikakhala bwino. Joakina sanali munthu woipa. Anali wachikondi, anali wosamala, koma mantha anasunga njira yake yotseka mpaka iye ndi amayi ake anatha osaonana. Iye sanadziwe, panalibe womuuza. Inu mwamva lero.

Kwathu kulipo, abale anga. Si nthano. Kuli Wina amene anakana kulira maliro anu, amene sanasamuke, amene mpaka lero akufunsa aliyense wodutsa ngati wakuonaniko. Kusiyana kwake n'kwakuti Iyeyo simudzamupeza ataikidwa m'manda. Manda anawalowa kale, n'kutulukamo, kuti inu mukadzafika mudzapeze munthu pakhomo.

Tiyeni tiimirire, tipemphere.